Kukonza chasisi ya galimoto yakale ya mipando iwiri pakhomo: mafunso ndi mayankho a ku Chigwa cha Shire

Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri kwa amakaniko ndi owotcherera zitsulo a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, kuchokera kwa anthu amene apeza galimoto yakale yothamanga itagona zaka pansi pa mtengo ndipo akufuna kuidzutsa. Zitsanzo zambiri ndi za Triumph Spitfire ndi TR6, galimoto za ku Britain, koma mfundo zake zikugwiranso pa Land Rover yakale.

Kodi chasisi n'chiyani, ndipo galimoto iliyonse yakale ili nayo?

Chasisi ndi msana wachitsulo umene umanyamula injini, giyabokosi, masipiling'i ndi bodi. Si galimoto zonse zimene zili nayo payokha. MGA ya kampani ya MG, ya 1955 mpaka 1962, Spitfire ya 1962 mpaka 1980 ndi TR6 imene inasiya kupangidwa mu 1976 zili ndi chasisi yoti mutha kumasula bodi n'kuisiya poyera. MGB, imene inalowa m'malo mwa MGA, ilibe, mphamvu yake ili m'bodi momwemo, ndiye zambiri zili m'munsimu sizikuikhudza.

Spitfire ili pakatikati. Chasisi yake inachokera ku Triumph Herald koma anaichotsa mipiringidzo ya m'mbali, choncho zitsulo za m'munsi mwa zitseko ndizo zimagwira bodi kuti isapindike. Zikawola zimenezo, chasisi yabwino payokha siingakupulumutseni.

Ntchitoyi ingatheke pakhomo? Pakufunika chiyani?

Ingatheke. Chofunika kwambiri ndi pansi pa simenti posalala, pa mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi, pokhala ndi denga. Pa dothi simungayeze chilichonse molondola. Ngati kwanu madzi amafika nthawi ya dzinja, pemphani malo kwa m'bale amene ali kumtunda, chifukwa ntchitoyi imatenga miyezi.

Zida: grinder ya 115 mm ndi madisiki odulira a 1 mm komanso opalira a nambala 40 (okhakhala) ndi 80 (osalalako), bulashi ya waya, makina owotcherera, jeki, timiyendo tachitsulo tinayi tokhazikapo chasisi, levulo, tepi yachitsulo, chingwe cha amisiri omanga chokhala ndi kachitsulo kosongoka kumapeto, hamala yaing'ono, magalasi a m'maso ndi chotchinga mphuno. Njerwa ndi mabuloko a simenti musakhazikepo galimoto. Zimasweka mosachenjeza, munthu ali pansi. Mitengo yokhazikapo bodi muziiyang'ana sabata iliyonse, chiswe cha kuno sichichedwa.

Nyengo yabwino yogwira ntchitoyi ndi iti?

Kuyambira May mpaka August. Mu October ndi November kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo chitsulo chikakhala padzuwa simungachigwire ndi dzanja. Kumasula ndi kupala mutha kuchita nthawi iliyonse, koma kupenta kuli ndi nthawi yake, onani funso la penti.

Bodi ndiichotsa bwanji osaiwononga?

Yambani ndi kujambula chilichonse pa foni: mapaipi a mabuleki, mawaya, ndi timapepala tachitsulo kapena tamphira timene tili pakati pa bodi ndi chasisi. Timeneti tiwerengeni pa bawuti iliyonse n'kulemba, chifukwa ndi timene timachititsa zitseko kutsekeka bwino.

Chotsani batire ndi thanki ya petulo. Thankiyo muiike kutali ndi pamene muziwotcherera, ngakhale ikuoneka youma. Kenako, musanamasule bawuti ya bodi ngakhale imodzi, wotchererani kapena mangani zitsulo zopingasa pakhomo la chitseko chilichonse, ndi china chodutsa kuchokera mbali ina kufika ina. Galimoto yopanda denga mukainyamula yopanda zimenezi imapinda pakati ngati mphasa, ndipo zitseko sizidzalowanso.

Masulani chiwongolero, chingwe cha handibuleki, mapaipi a buleki ndi kilatchi, ndi mawaya onse opita ku injini. Anthu asanu ndi mmodzi amanyamula bodi ya Spitfire bwinobwino. Mmodzi asanyamule, ntchito yake ikhale kuyang'ana pansi ngati pali waya wotsalira.

Mabawuti akukana, ena mitu ikuzungulira. Nditani?

Choyamba onani sipanala. Spitfire, TR6 ndi MGB zili ndi mabawuti a mainchi a mazinga otchedwa UNF, ofuna masipanala a 7/16, 1/2 ndi 9/16. Sipanala ya 13 mm pa mutu wa theka la inchi, umene ndi 12.7 mm, imaoneka ngati yakwana koma imadya makona mpaka mutu kukhala wobulungira. MG zakale kwambiri zili ndi mitu ya muyeso wakale wa ku Britain wotchedwa Whitworth, imeneyonso ndi masipanala ena.

Thirani mafuta omasulira dzimbiri, kapena dizilo, m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu. Menyani mutu wa bawuti ndi hamala, yesani kumanga pang'ono musanamasule. Ikakana, tenthetsani nati mpaka ifiire. Ikaduka ndi kutsalira mkati, wotchererani nati ina pamwamba pa chidukwacho, kutentha kwake kumathandiza kuti ituluke. Musakakamize bawuti ya mamilimita m'dzenje la mainchi. Imalowa mizere iwiri kenako n'kuwononga mazinga onse.

Kunja ikuoneka yolimba. Ndidziwa bwanji ngati yawola?

Funso lalikulu ndi limeneli. Mipiringidzo ya chasisi ndi mabokosi otsekeka, ndipo dzimbiri limayamba mkati kutulukira kunja. Mukaona kabowo kamodzi kunja, dziwani kuti mkati chitsulo chapyapyala kale mozungulira ponsepo.

Kuno kuchigwa vutoli ndi lalikulu kuposa ku Blantyre kapena ku Zomba chifukwa cha madzi osefukira. Galimoto imene inali pansi mu January 2015, nthawi ya namondwe Idai mu March 2019, ya Ana mu January 2022 kapena ya Freddy mu March 2023, ngati madzi anafika pa matayala, muiyese ngati yodzadza matope mkati. Madzi anaphwa, kunja kunauma, koma matope a Shire anatsalira m'mabokosimo, anatseka timabowo totulukira madzi, ndipo chaka chilichonse amayamwa chinyezi n'kuchisunga pachitsulo. Onjezerani zisa za makoswe ndi timanyumba tadothi ta mavu, mupeza kuti pansi pa bokosi ndi pamene padyeka kwambiri pamene m'mbali mukadali penti.

Kuyesa kwake nkosavuta. Tengani hamala yaing'ono muziyenda mukugogoda masentimita 5 aliwonse, makamaka kunsi. Chitsulo chabwino chimalira "ngwee", chowola chimangoti "phu", ndipo mumamva zinyenyeswa zikugwa mkati. Pamene mwakayika, bayani mwamphamvu ndi sikuludiraiva. Musachite chisoni: pamene pabooka ndi dzanja lanu pakanabooka pamsewu. Zungulizani ndi choko pamalo paliponse pofooka.

Pa Spitfire yang'anitsitsani timikono totuluka m'mbali kumene kumakhala bodi, timikono ta kumbuyo pansi pa buti, mabokosi a kutsogolo ogwira boneti, ndi mipiringidzo ikuluikulu pafupi ndi difu (bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo) pamene imatsika. Pa TR6 malo oopsa ndi pamene pamamangidwa mikono ya matayala akumbuyo, timisomali tonyamula difu timene timang'aluka m'tsinde, chitsulo chopingasa cha pakati, ndi timabulaketi ta mikono ya m'munsi ya kutsogolo. Ming'alu imabisala pansi pa girisi, ndiye tsukani ndi palafini musanaweruze.

Ngati mipiringidzo ikuluikulu yonse iwiri yawola kuchokera pa giyabokosi mpaka pa difu, kufunafuna chasisi ina n'kwanzeru kuposa kuika zigamba pa zigamba.

Nanga ngati inapindika pa ngozi, ndiona bwanji?

Yezani musanadule kalikonse, ndipo mudzayezenso mukamaliza kuwotcherera. Khazikani chasisi pa timiyendo tinayi, muilinganize ndi levulo m'litali ndi m'lifupi. Kapaipi koonekera mkati kothira madzi, kamene amisiri omanga amayezera maziko, kamagwira bwino kuposa levulo yaifupi.

Sankhani malo ofanana kumanzere ndi kumanja, monga mabowo a mikono ya matayala akutsogolo, a bodi, ndi a difu. Pa lililonse tsitsani chingwe chosongoka chija kuchokera pakati pa bowo, mulembe kadontho pansi. Mukachotsa chasisi, yezani mopingasa: kadontho ka kutsogolo kumanzere kufika ka kumbuyo kumanja, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikasiyana ndi 3 mm kapena kucheperapo, palibe vuto. Ikapitirira 6 mm, chasisi yapotoka. Yezaninso kutalika kwa malo aliwonse kuchokera pansi kuti muone ngati ngodya ina yakwera.

Kupindika kwakung'ono kwa kamkono ka m'mbali mutha kuwongola ndi jeki ndi unyolo. Mpiringidzo waukulu ukakwinyika, pamenepo padulidwe, palowe chitsulo chatsopano. Kuutenthetsa mpaka kufiira n'kuukoka kumasiya malo ofooka.

Dzimbiri ndichotse ndi chiyani? Ena akuti mchenga wa mumtsinje, ena akuti molasesi.

Mchenga wa mumtsinje wopopera ndi kompulesa umayeretsa chitsulo, koma fumbi lake limalowa m'mapapo n'kuwaumitsa, matenda osachiritsika otchedwa silicosis. Kansalu ka pamphuno sikaletsa fumbi limenelo. Musatero, ndipo musalole mnyamata waganyu achite m'malo mwanu.

Pakhomo, njira yake ndi grinder: bulashi ya waya kuchotsa makoko, disiki ya 40 pa dzimbiri lokhuthala, ya 80 pomalizira. Musapale mpaka kudya chitsulo chabwino. M'makona mmene grinder siifika pakani mankhwala a phosphoric acid, amene amasandutsa dzimbiri lotsala kukhala lakuda, ndipo tsatirani zolembedwa pa botolo.

Za molasesi nzoona, ndipo ife a dera la nzimbe tili ndi mwayi pamenepa. Sakanizani gawo limodzi la molasesi ndi magawo 9 a madzi: mu diramu ya malita 200, malita 20 a molasesi ndi 180 a madzi. Vikani zitsulo kwa sabata ziwiri kapena zitatu, kukatentha zimafulumira. Dzimbiri limasanduka matope akuda ochoka ndi bulashi. Koma molasesi sachotsa penti kapena girisi, zimenezo muyambe mwachotsa nokha. Aluminiyamu ndi zitsulo za zinki musaikemo, zimadyeka. Masipiling'i ndi zitsulo za chiwongolero muzipale ndi manja basi.

Njirayi ndi yabwino pa mabulaketi ndi mikono ya matayala. Chasisi yonse imafuna dzenje la mamita 4 ndi 1.5 loyalidwa pulasitiki yakuda, ndipo madzi akuya masentimita 30 okha ndi malita 1,800, kutanthauza malita 180 a molasesi. Ubwino wake ndi woti amafika mkati mwa mabokosi. Mukasankha zimenezo, tchingani dzenjelo ndi mpanda ndi chovundikira, chifukwa fungo lake limaitana mbuzi, ng'ombe ndi njuchi, ndipo ana amafuna kusuzumira. Chitsulo chikatuluka chimachita dzimbiri lofiira pasanathe ola, ndiye tsukani, umitsani padzuwa, pakani primer, penti yoyamba ya pansi, tsiku lomwelo.

Madzi a pa mjigo ndingatsukire?

Alaweni kaye. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo mchere ukatsalira pachitsulo umakoka chinyezi pansi pa penti, pakapita miyezi penti n'kuyamba matuza. Matope oyamba mutha kuchotsa ndi madzi aliwonse, koma kutsukuluza komaliza, mkati ndi kunja, kukhale kwa madzi a mvula kapena ena opanda mchere. Imikani chasisi chotsamira kuti madzi atsike, muisiye padzuwa masiku awiri.

Zigamba zikhale za chitsulo chanji?

Chitsulo chofewa wamba chatsopano, chokhuthala mofanana ndi chimene mwadula. Yezani pamalo abwino. Pa galimoto zotere nthawi zambiri mupeza pakati pa 1.5 mm ndi 2 mm, ndipo pa mabulaketi chimakhala chokhuthala kuposa apo. Ogulitsa zitsulo ku Blantyre ndi ku Limbe ali nazo, ndipo ena amapinda ngati mwawapatsa miyeso.

Malata a denga ayi: ndi opyapyala ndipo utsi wa zinki yake umadwalitsa. Zitsulo za diramu, za bedi kapena za konkire ayinso. Chokhuthala kwambiri, monga 4 mm pa chasisi ya 1.6 mm, chimaoneka champhamvu koma chimaumitsa malo amodzi, ndipo mng'alu umadzayamba m'mphepete mwake.

Kuwotcherera kwake kukhale kotani?

Dulani chowola chonse mpaka mufike pa chitsulo chowala chokhuthala mokwanira, kenako onjezani masentimita awiri. Chigamba chilowe m'malo mwa chodulidwacho, milomo kukumana, kusiya kampata ka 1 mm. Chigamba chophimba pamwamba pa dzimbiri, chimene ambiri amachita pofuna kufulumira, chimasunga madzi pakati pa zitsulo ziwirizo ndipo chimawola msanga kuposa poyamba. Konzani mawonekedwe ake pa katoni musanadule chitsulo. Makona akhale obulungira, ndipo polumikiza mpiringidzo waukulu dulani mopendekera, osati molunjika kuchokera pamwamba kufika pansi.

Bokosi likadali lotseguka, kokolani matope onse, palani mkati mmene dzanja likufika. Ngati munali kachitsulo kolimbitsa mkati kapena kapaipi kodutsamo bawuti, bwezeranimo. Popanda kapaipiko bokosi limaphwanyika mukamanga bawuti.

Makina a MIG, owotcherera ndi waya ndi gasi, a waya wa 0.8 mm, ndiwo oyenera, koma mphepo imauluza gasi wake, ndiye tchingani. Ambiri kuno ali ndi makina a ndodo. Amatheka ngati wowotchererayo ali ndi dzanja: ndodo za E6013 za 2.0 mm pa ma amp 40 mpaka 60, kapena za 2.5 mm pa chitsulo cha 2 mm. Ndodo za 3.2 mm zowotcherera mageti ndi mawindo zimangoboola. Ndodo zisungidwe pouma. Kumata ndi mkuwa pa moto wa gasi si kwa chasisi. Magetsi akamavuta, makina aang'ono a inverter amafuna jenereta ya 5 kVA kapena kuposa. Yaing'ono imafooka pakati pa mzere ndipo chitsulo sichilowana.

Kutentha kumakoka chitsulo. Mangirirani chasisi pa timiyendo take, gwirizitsani chigamba ndi timadontho masentimita atatu aliwonse, kenako wotchererani masentimita awiri kapena atatu, dumphirani mbali ina, dikirani pazizire. Musathire madzi kuti pazizire msanga. Konzani mbali imodzi kumaliza musanadule inayo, kuti yotsalayo ikhale poonera miyeso.

Mmisiri wa mageti musanamupatse chasisi, mupatseni tizidutswa tiwiri ta chitsulo chomwecho alumikize, inu mupinde pa vaisi ndi hamala. Chikathyokera pa mzere wake, sanalowetse. Kumbuyo kwa mzere wabwino kumaoneka kuti moto unadutsa.

Penti yabwino ndi iti, ndipo ifunika yochuluka bwanji?

Epoxy primer yosakaniza ziwiri ndiyo imagwira bwino pa chitsulo choyera ndipo siilowa madzi. Malita awiri amakwana kupaka kawiri chasisi ya Spitfire ndi mabulaketi ake, kenako lita imodzi kapena awiri a penti yakuda ya pamwamba. Red oxide ya m'mahadiweya ndi yotsika mtengo, koma payokha imalowa chinyezi, ndiye iphimbidwe ndi penti ya pamwamba pasanapite masiku. Pukutani chitsulo ndi thinner musanapake. Dizilo ndi palafini zimasiya mafuta.

Pakani pamthunzi, m'mawa mame atauma, dzuwa lisanakwere. Pa chitsulo chotentha penti imauma pamwamba mkati mukadali mwamadzi, ndipo epoxy yosakaniza kale imalimba m'chitini mofulumira kuposa nthawi yolembedwa, ndiye sakanizani theka la lita pa nthawi. Masiku a chiperoni dikirani. Bulashi ndi yokwanira, ndipo imakankhira penti m'timaenje ta dzimbiri. Penti za pamwamba zosakaniza ziwiri, zotchedwa 2K, zili ndi isocyanate, yoopsa m'mapapo ikapoperedwa, musaipopere pakhomo.

Phula lakuda lokhuthala lopaka kunsi kwa galimoto lisiyeni. Ndi kutentha kwa kuno limang'aluka, madzi amalowa kuseri, ndipo dzimbiri limadya inu osaona.

Mkati mwa mabokosi nditetezamo bwanji?

Apa ndi pamene ntchito yonse imapindula kapena kutayika, pa chifukwa chimene tafotokoza pa funso la kuwola. Mukamaliza kuwotcherera ndi kupenta, tsegulani timabowo tonse totulukira madzi. Pamalo otsika pamene palibe, boolani ka 8 mm kapena 10 mm kunsi kwa bokosi, kutali ndi mabulaketi. Poperani phula lamadzimadzi la mkati mwa chasisi, lotchedwa cavity wax, ndi kapaipi kolowa mkati, mpaka lidonthe pa timabowo. Malita awiri amakwana. Tsiku lotentha ndi labwino pa ntchito imeneyi, phulalo limayenderera m'makona onse. Likasowa, oilo watsopano wokhuthala amathandiza koma amafuna kubwereza chaka chilichonse. Oilo wakuda wochoka mu injini ali ndi asidi ndi zinyalala, musathiremo.

Phula limayaka, choncho likhale lomalizira, kuwotcherera konse kutatha. Ndipo galimoto ikadzadutsanso m'madzi akuya, tsukani mkati ndi paipi sabata yomweyo, muumitse, muthirenso.

Nambala ya chasisi ili pamalo owola. Ndidule?

Musadule, musapale ndi grinder, musadinde ina nokha. Nambala imene ili pa galimoto iyenera kufanana ndi ya mu blue book, ndipo oyeza galimoto popereka COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, amaiyang'ana. Ijambuleni ntchito isanayambe, ndipo ngati malowo sangapulumuke, kapena mukusintha chasisi yonse, pitani kaye ku ofesi ya Road Traffic ndi mapepala anu akakuuzeni njira yake. Sungani malisiti a zitsulo ndi zithunzi za ntchito yonse.

Pobwezera zinthu, ndi ziti zoti ndisagwiritsenso ntchito zakale?

Mapaipi onse a mabuleki, achitsulo ndi amphira omwe. Achitsulo ndi a 3/16 inchi, ndipo abwino ndi a mkuwa wosakaniza ndi nickel. Kapaipi ka firiji si ka mabuleki. Mabushi amphira onse asinthidwe, dzuwa la kuno linawaumitsa kale. Mabawuti a mikono ya matayala ndi chiwongolero akhale atsopano, olembedwa 8.8 pamutu, kapena a mizere itatu ngati ndi a mainchi, ndi manati odzitseka okha. Bawuti yopanda chizindikiro pamutu ndi ya mageti.

Mabawuti odutsa m'mabushi amphira musawamangitse galimoto ili m'mwamba. Amangeni pang'ono, ikani injini ndi bodi, tsitsani galimoto iime pa matayala ake, ndiye mumalize kumanga. Mukamangitsa ili pa jeki, mphira umapotoka galimoto ikatsika ndipo umang'ambika pa miyezi yochepa. Pa Spitfire, timfundo tamkuwa ta m'munsi mwa miyendo ya kutsogolo timathiridwa oilo wa giya wa EP90, osati girisi. Girisi amauma mkati, mazinga amachita dzimbiri, ndipo mwendo umatha kuthyoka pokhota.

Bodi itsike pa timapepala tija monga munalembera, ndipo zitsulo zopingasa pa zitseko zichoke mabawuti onse atamangidwa. Ulendo woyamba ukhale waufupi, pamsewu wosalala wopanda anthu ambiri, mukuyesa mabuleki pang'onopang'ono. Mukayenda makilomita 100, kwezani galimoto, manganinso bawuti iliyonse, yang'anani mizere yowotcherera ndi tochi ngati penti yang'aluka penapake. Zokhotakhota za mtunda wokwera ku Blantyre kuchokera pa Thabwa zidikire mpaka kuyendera kumeneku kutachitika ndipo COF ili m'manja.